Clivia pansi pa mitengo: lekani kusesa masamba

M'bale wina wogwira ntchito ya m'gadeni ku Johannesburg wandilembera imelo. Abwana ake anamupatsa mbande za maluwa otchedwa clivia kuti adzale pansi pa mitengo pomwe kapinga amakana, koma masamba akupsa kunsonga, duwa osaoneka. Akufunsa ngati athire feteleza.

Achimwene, feteleza muyambe mwamusiya. Clivia miniata kwawo ndi m'nkhalango za KwaZulu-Natal, Eastern Cape, Mpumalanga ndi Eswatini. Mukazula imodzi muona mizu yoyera, yonenepa ngati zala, yomwe siilowa pansi kwenikweni. Imayanga pamwamba, m'masamba owolerana. Tsono ife tinakula ndi tsache m'manja, pabwalo pazioneka mbee. Masamba amene mumakokola ndi reki m'mawa uliwonse ndiwo chakudya chake, ndiwonso amasunga chinyontho. Asiyeni pomwepo. Abwana akadandaula kuti pakuoneka uve, afotokozereni, kapena yalanipo makungwa a paini.

Kupsa kwa masambako n'kutheka kuti ndi dzuwa la masana lomwe likulowa m'mbali mwa mtengo, kapena chisanu cha mu June ndi July, chomwe ku Joni sichichita masewera. Zomwe zili kumphepete zisunthireni mkati mwa mthunzi, ndipo musazikwirire kwambiri, khosi likhale pamwamba pa dothi. Pamakande podikha madzi mizu imawola msanga. M'nyengo yozizira chepetsani kuthirira.

Mukatero zisiyeni. Clivia sakonda kuzulidwazulidwa, amachita bwino akathithikana. Maluwa ake, ofiirira ngati lalanje, amatuluka kuyambira August mpaka November. Ngati mbandezo zinachokera ku njere, dziwani kuti pamapita zaka 3 kapena 4 zisanayambe maluwa, ndiye mwina n'zanthete chabe.

Mvula ikayamba muzisuzumira pakati pa masamba. Kuli mbozi ya mawanga akuda ndi achikasu yomwe imaboola tsamba n'kutsikira kumtima kwa chomera. Mukaona tsamba lafota ngati lathiridwa madzi otentha, lidulenipo, mboziyo muiphe.

Chomerachi chili ndi poizoni, ana ndi agalu asatafune zipatso zake zofiira. Komanso chonde musagule zokumba kutchire. Azulu amachitcha umayime ndipo chimakumbidwa kwambiri kukagulitsa ngati mankhwala, moti m'nkhalango zina chikusowa. Gulani kunazale, kapena pemphani mphukira kwa anzanu a m'magadeni oyandikana akamagawa zawo maluwa akatha.