Chifukwa chake Netflix ndi anzake amachita mphwayi ndi zipangizo za VR

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji makampani oonetsa mafilimu ndi TV pa intaneti ambiri alibe app pa zipangizo za VR zovala kumaso, zija ukavala zimakuonetsa zinthu ngati uli momwemo, chonsecho pa foni ndi pa TV zonse zili myaa. Sikuti luso alibe ayi. Nkhani yagona pa kuchepa kwa ogula.

Taonani Netflix. Pofika kumapeto kwa 2024 inali ndi olembetsa oposa 300 miliyoni. Apple itatulutsa chipangizo chake cha VR chotchedwa Vision Pro mu February chaka chomwecho, pa mtengo wa madola 3,499, Netflix sinavutike n'kupanga app, inangouza anthu kuti azionera pa Safari, browser ya Apple yotsegulira mawebusaiti. Mmodzi mwa akuluakulu ake, Greg Peters, ananena poyera kuti eni chipangizocho ndi ochepa zedi. App si chinthu chopanga lero mawa n'kuiwala. Pamafunika akatswiri olipidwa mwezi ndi mwezi, oikonza nthawi iliyonse chipangizo chikasintha.

Komanso anapsapo kale zala. Mu 2015 Netflix yomweyo inatulutsa app pa Samsung Gear VR; ukavala unkapezeka uli pa sofa yofiira, chi TV chachikulu chili patsogolo pako. Gear VR ija inazilala, Google inasiya VR yake ya Daydream mu 2019, chipangizo china chotchedwa Oculus Go nacho chinatha mu 2020. Ntchito yonse ija inalowa m'madzi.

Palinso loko woteteza mafilimu kuti asakopedwe, uja amati DRM. Eni mafilimu salola chithunzi chowala bwino kupita pa chipangizo chomwe chitetezo chake sichinawakhutiritse.

Koma chomwe ine chimandikhudza kwambiri ndi thupi la munthu. Quest 3, chipangizo cha VR cha kampani ya Meta, imalemera magalamu 515, batire lake limatha pakangodutsa maola awiri, filimu yaitali isanafike n'kumapeto komwe. Ukavula, pamphumi pali mzere wofiira, magalasi achita nthunzi ndi thukuta. Ndipo umaonera wekhawekha, mwana ali pambali pako sakuona kalikonse. Makampaniwa amadziwa kuti TV anthu amaonera limodzi.

Si onse anakana, Disney+ inalipo pa Vision Pro kuyambira tsiku loyamba, ndi mafilimu a 3D omwe. Ngati muli ndi Quest, tsekulani browser yake n'kulowa pa Netflix monga mumachitira pa kompyuta, muonera bwinobwino.