Yankho: mfuti yaing'ono yodzitetezera kwa chimbalangondo ku Alaska

Achimwene, mwafunsa ngati pokawedza nsomba za salmon ku mtsinje wa Kenai ndi bwino kunyamula mfuti ya .44 Magnum kapena Glock 20 ya 10mm. Ine ndingasankhe Glock. Zoona, .44 Magnum ndi yamphamvu kwambiri, koma imakankha dzanja moti ambiri amaphonya chipolopolo chachiwiri. Glock 20 imalowa zipolopolo 15 ndipo kuombera motsatizana sikuvuta. Chimbalangondo chofiirira chimathamanga kupitirira makilomita 50 pa ola, ndiye nthawi yolunjika bwino simukhala nayo.

Nkhani yaikulu ndi zipolopolo. Musatenge zija zotambasuka zikalowa m'thupi. Pamafunika zolimba, za hard cast (za mtovu wolimbitsidwa) zamutu wafulati, monga za kampani ya Buffalo Bore zolemera magireni 220 (pafupifupi magalamu 14), zoti zipyole ubweya, mafuta ndi fupa. Musanapite kutchire, muziombe kaye zambiri kumalo oyeserera, muone ngati mfuti yanu ikuzilandira osakakamira.

Muimangirire pachifuwa, osati m'chiuno. Mukavala chikwama kumsana kapena mukaima m'madzi ofika m'chiuno ndodo yowedzera ili m'manja, mfuti ya m'chiuno simuifikira. Yoika m'chikwama ija ndiye bola kungoisiya kunyumba.

Tenganinso bear spray (mankhwala a tsabola opopera chimbalangondo kuti chithawe), nthawi zambiri ndi yomwe imathandiza zinthu zisanafike poipa. Mukapha chimbalangondo podziteteza, lamulo la Alaska likufuna mukanene ku Department of Fish and Game (nthambi ya boma yoona za nsomba ndi nyama zakutchire) kapena kwa apolisi, ndipo chikopa chake, zikhadabo zili pomwepo, pamodzi ndi chigaza mumazipereka ku boma.