Barolo wa 2010: Amayi, musalisungirenso ukwati botololo

Mayi ena a ku Leeds, ku England, andilembera kuti abwana awo awapatsa botolo la vinyo wofiira wotchedwa Barolo, wa 2010, ndiye akufunsa kuti aphike chiyani. Kumapeto awonjezera kuti mwina angolisunga mpaka mwana wawo adzakwatiwe. Apo ndi pamene pandiyabwa.

Ndili ku Johannesburg ndinkaperekera zakudya mu lesitilanti ya bambo wina wa ku Piemonte, kumpoto kwa Italy, kwawo kwenikweni kwa vinyoyu. Tsiku lina kunabwera bwana wina wa ndalama zake, naitanitsa Barolo wakale kwambiri pamodzi ndi nkhuku yodzaza tsabola. Nditamuthirira anakweza galasi n'kuyamba kulalata, akuti vinyoyo tasungunula ndi madzi chifukwa sanali wakuda. Atalawa anati ndi wowola. Mwini malo uja sanakangane naye. Anabweza botolo kukhitchini, ndipo titatseka anatiitana tonse, ndi otsuka mbale omwe, n'kutipatsa pang'onopang'ono ndi nyama ya ng'ombe yotsala mumphika. Anthuni, sanali vinyo yemwe uja! Vuto linali tsabola basi.

Mtundu umene bwanayo ankadana nawo ndi wachibadwa. Barolo amapangidwa ndi mphesa za mtundu umodzi wokha, Nebbiolo, zolimidwa m'mapiri a Langhe pafupi ndi tauni ya Alba, ndipo vinyo wake sada ngati wina wa ku Cape, ku South Africa, amene tinazolowera. Akamakalamba, m'mphepete mwa galasi amafiirira ngati njerwa. Lamulo la kumeneko sililola kuti agulitsidwe asanathe miyezi 38, ndipo 18 mwa miyeziyo akhale m'migolo ya matabwa. Wolembedwa Riserva amadikira miyezi 62. Chifukwa chake n'chakuti akadali mwana amaumitsa m'kamwa zedi, ngati tiyi wopanda mkaka amene masamba akhalitsamo. Zaka ndi zimene zimamufewetsa.

Ndiye Amayi, wanuyu wadikira kale mokwanira. Chaka cha 2010 chinali chabwino kwambiri kumeneko, ndipo akanakhala m'chipinda chozizira cha pansi akanatha kukhala zaka zambiri ndithu. Koma mulisunga pati? Pamwamba pa kabati, pafupi ndi chotenthetsera nyumba? Ife tili ndi matenda osungira alendo chilichonse chabwino, mbale, makapu, nsalu za pathebulo, koma vinyo si mbale. Kutentha kumamupha mwakachetechete. Amene muli ku Lilongwe mu Okutobala, nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri. Ndipo paukwati, pakati pa pelekanipelekani ndi nyimbo zogonthetsa m'khutu, ndani adzakhale ndi nthawi yonunkhiza galasi? Ine ndikukana.

Polawa

Musafulumire kumeza. Nunkhizani kaye: mumva maluwa a rozi ouma, zipatso zouma, kafungo ka bowa ndi ka phula la pamsewu. Inde phula, musadabwe, akatswiri amalifuna fungo limenelo. Pakatha ola mulawenso, mupeza wasintha. Fungo lokhalo loti likudetseni nkhawa ndi la katoni yonyowa, chifukwa limatanthauza kuti chotsekera chawononga vinyo.

Za chakudya, eni ake amaphika nyama ya ng'ombe pamoto wochepa kwa maola angapo mu vinyo wofiira, amati brasato, kapena pasta wopyapyala wa mazira wotchedwa tajarin, wothira batala ndi bowa wodula uja womera pansi pa nthaka. Inu gulani mchira wa ng'ombe kapena nyama ya m'miyendo, muphike ndi anyezi, karoti ndi vinyo wotchipa mpaka ilekane ndi fupa. Mafuta ake ndi amene amathetsa kuuma kwa m'kamwa kuja. Kambuzi asayandikire, nsomba ayi, zotsekemera ayi. Nsima yofewa ikhoza, poti nawonso amadyera phala lolimba la chimanga, polenta. Botolo muliimike tsiku lathunthu kuti nsenga zitsike, muthire mosagwedeza, likhale lozizirako pa madigiri 16 mpaka 18, ndipo muitane anthu osapitirira anayi.