Mwafunsa za guluu, koma ine ndiyamba ndi khoma

Mayi wina wa ku Machinjiri wandilembera pa imelo. Akuti khoma la pabalaza pawo lathothoka penti cha m'munsi ndipo lili ndi mabanga akuda, ndiye akufuna kumatapo wallpaper, pepala lokongoletsera khoma lija, apongozi asanabwere pa Khirisimasi. Funso lawo ndi lakuti agule guluu wanji.

Achemwali, kalata yanu yandikhudza, chifukwa zimene mukufuna kuchitazo ine ndinazichita kale, ndipo ndikakumbukira mtima umandiwawabe.

Tinali titangolowa kumene nyumba ya lendi ku Chilomoni. Khoma loyang'ana kuphiri linali ndi chibanga chofika m'mawondo, ukaligwira dzanja linkatuwa ndi fumbi loyera ngati mchere. Ndinasunga ndalama miyezi itatu, kudzimana ngakhale kanyama ka Lamlungu, kenako ndinapita ku Limbe kukagula mipukutu isanu ya wallpaper wa maluwa obiriwira. Ndinkafuna kuti mayi anga akabwera kuchokera ku Thyolo adzaone kuti mwana wawo akukhala pabwino. Iwowa tili ana ankamata manyuzipepala pakhoma ndi phala la ufa wa chinangwa, ndipo ine mawu ambiri ndinaphunzira kuwerenga nditagona pamphasa, maso ali pa mitu ya nkhani zakalekale. Mphemvu zinkadya phalalo, chaka chikatha amayi n'kumatanso ena osadandaula. Ndiye kukongoletsa khoma kwa ine si nkhani ya matama ayi, ndinakula nako.

Mmisiri amene ndinamupeza analiona khomalo, analigwira ndithu, koma sananene kanthu. Anamata tsiku limodzi, n'kulandira zake, ulendo. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, khoma likuoneka louma. Amayi anabwera, anasisita maluwawo ndi chikhatho n'kunena kuti, "Mwanawe, wakula." Pofika Januwale ngodya za m'munsi zinayamba kumatuka, pabalaza ponse fungo la chinyontho, mwana wanga wamng'ono chifuwa usiku uliwonse. Tsiku lomwe ndinasenda pepalalo ndinapeza kumbuyo kuli chuku chakuda bii, chiswe chitamanga kale kanjira kake kadothi kukwera m'mwamba.

Ndinene mosapsatira: mmisiri amene amamata pepala pakhoma lonyowa akudziwa, ameneyo wakuberani. Chimodzimodzi alandilodi amene amapaka penti pamwamba pa chinyontho kutatsala sabata kuti wolowa watsopano abwere. Blantyre ndi mzinda wa m'mapiri. Ku Ndirande, ku Soche, ku Bangwe, m'munsi mwa Michiru, madzi amatsetsereka kudzaima kuseri kwa nyumba, ndipo nyumba zambiri zinamangidwa popanda pulasitiki yakuda ija ya pafawundeshoni yoletsa chinyontho kukwera m'njerwa. Mphamvu ya madzi a m'mapiri athuwa tinaiona mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula nyumba ndi kupha anthu ku Chilobwe. Mvula ikatha mu Epulo musaganize kuti zatha, mu Juni ndi Julayi kumabweranso chiperoni, zovala osauma pachingwe masiku atatu. Nanga khoma lingaume bwanji mutalikuta ndi wallpaper wa masiku anoyu, amene pamwamba pake ndi pulasitiki? Madzi amasowa potulukira, amangokhala kumbuyoko.

N'chifukwa chake ine laimu sindimunyoza ngati mmene ena amachitira. Amadetsa malaya ukatsamira, inde, koma khoma limapuma, ndipo likadwala limaonekera poyera.

Tsono mupange chiyani?

Yambirani panja. Onani ngati dothi lakwera kufika pakhoma, ngati madzi a padenga akugwera m'mbali mwenimweni mwa nyumba, ngati pali paipi yodontha. Kumbani ngalande, ikani gatala. Ngati ndi nyumba ya lendi, kambiranani kaye ndi eni ake. Mkatimo matani kapepala ka pulasitiki pachibangapo ndi tepi mbali zonse, mudikire masiku awiri. Mukapeza kumbuyo kwake kwachita thukuta, musamate chilichonse. Pulasitala wofumbutuka agumulidwe, aikidwe wina, ndipo watsopanoyo amafuna milungu ingapo kuti aume. Laimu ndi penti yothothoka muzipale zonse, tsekani ming'alu ndi fila, kwechani ndi sandipepa, pukutani fumbi, pakani primer, penti yoyambira ija. Mpukutu wamba wa wallpaper umakhala masentimita 53 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali, umatulutsa mizere itatu kapena inayi. Gulani mipukutu ya nambala ya batch imodzi, kutanthauza yopangidwira pamodzi, kuti mtundu usasiyane, muonjezerepo umodzi wapadera. Mzere woyamba muuongole ndi chingwe chomangirira kamwala, osadalira ngodya ya nyumba, chifukwa ngodya zathu zambiri n'zokhota.

Guluu ndi wa ufa uja wosungunula m'madzi ozizira, wolembedwa kuti ndi wa wallpaper ndipo ali ndi mankhwala oletsa chuku, osati phala la chinangwa. Koma Khirisimasi ino, mvula ili pakatipa, khoma limenelo lisiyeni. Lipaleni, lipakeni laimu, muikepo kabati motalikirako pang'ono kuti mpweya uzidutsa. Wallpaper mudzamate mu Seputembala. Ndipo munditumizireko chithunzi cha kunja kwa khomalo, ndione kumene madziwo akuchokera.