98% imeneyo isakupusitseni

Achimwene, wodwala mwanena uja, amene wapuma mpweya wa makala koma oximeter (kamakina koyezera okosijeni m'magazi) ikuonetsa 98%, musamutulutse m'chipatala, ndipo musamuchotse pa okosijeni. Oximeter ya pachala siisiyanitsa magazi onyamula okosijeni ndi amene agwidwa ndi carbon monoxide, mpweya wapoizoni wotuluka makala akamayaka. Mpweya wa makalawu umamatirira ku hemoglobin (chonyamula okosijeni m'magazi) kuposa okosijeni maulendo oposa 200, ndiye kamakinako kamangokuonetsani nambala yokongola uku ubongo ndi mtima zikubanika.

Timaphonya mphindi zoyambirira zomwezo. Wodwala wafika akusanza, mutu ukung'amba, akuyankha zosalumikizana, mwina wadzikodzera, mtima ukuthamanga. Wina wathamangira mRDT yoyezera malungo, yatuluka positive, basi "ndi malungo", wamupatsa mankhwala a malungo a artesunate, nkhani yatha. Mwezi wa June, kuzizira kwa Mzuzu kuno, munthu apezeke m'chipinda muli mbaula, inu nkuti malungo okha? Zoti khungu limafiira muziiwale, sizioneka kawirikawiri, pa khungu lathuli ndiye nkomwe.

Muvekeni mask ya okosijeni yokhala ndi kathumba ija, malita 15 pa mphindi, kuchokera pa silinda. Konsentireta (makina osefa okosijeni mu mpweya wamba) ya malita 5 ndi timachubu ta m'mphuno sizikwanira. Akamapuma mpweya wamba, poizoniyu amatsika ndi theka pakatha maola 4 mpaka 5, pa okosijeni wa 100% ndi pafupifupi ola ndi theka. Akhale pa okosijeni maola osachepera 6, ndipo mpaka zizindikiro zithe. Yezani shuga, chitani ECG younikira kagundidwe ka mtima. Ngati ndi mayi yezani mimba, mwana wosabadwa amasunga poizoniyu nthawi yaitali kuposa mayi wake.

Poti mwati anachita dala kufuna kudzipha, ganizani kuti anamwanso china. Mboni za maso zikachepa, dovu, thukuta, pachifuwa pali phokoso la madzi, mwina anamwa mankhwala ophera tizilombo, ndiye atropine wolimbana ndi poizoniyo akhale pafupi. Funsaninso za panado ndi mowa.

Ondinyansa ndi aja amamukalipira kuti "unafuna wekha", kumuopseza ndi apolisi, kwinaku achibale akumuthira mkaka mkamwa ali chikomokere mpaka kutsamwa. Munthu mwamuopseza chonchi angakuuzeni zomwe wamwa? Asakhale yekha. Akatsitsimuka mufunseni mofatsa koma mosazungulira ngati maganizowo akadalipo, ndipo asapite kwawo asanaonedwe ndi a zamaganizo, chipatala cha zamaganizo cha St John of God chili konkuno. Achibale muwauze kuti kuiwalaiwala, kudzandira kapena kusintha khalidwe zitha kuyamba patadutsa masabata angapo, abwere naye.

Koma oximeter ija musaichotse pachala. Ikayamba kutsika, mvetserani m'mapapo, mwina masanzi alowa.