Kodi T + S imasungabe disjointness?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yokhala ndi mafunso awiri. Ngati ma linear operator T ndi S onse amasunga disjointness pa vector lattice (vector space momwe ma vector awiri aliwonse ali ndi supremum ndi infimum), kodi T + S nayonso imasunga? Nanga n'chifukwa chiyani mabuku amangokakamira zoti T ikhale order bounded, kutanthauza kuti ma x onse okhala pakati pa malire awiri T imawatumiza pakati pa malire awirinso?

Funso loyambalo, ayi. Kumbukirani kuti x ndi y timati ndi disjoint pamene |x| ∧ |y| = 0 (∧ ndi infimum), ndipo T imasunga disjointness ngati Tx ndi Ty amakhala disjoint nthawi zonse pamene x ndi y ali disjoint. Mu C(K), space ya ma function a continuous pa compact space K, f ndi g kukhala disjoint kukungotanthauza kuti fg = 0: paliponse pamene f si ziro, g ndi ziro.

Yesani pa R². Matrix imasunga disjointness ngati mzere uliwonse wopingasa uli ndi nambala imodzi yokha yosakhala ziro, kapena ulibe n'komwe. Tengani identity ndi matrix yosinthanitsa ma coordinate awiriwo. Iliyonse payokha ilibe vuto. Mukaziphatikiza, (1,0) imapita ku (1,1), nayonso (0,1) imakafika komweko. Zathera pomwepo: (1,0) ndi (0,1) ndi disjoint, koma (1,1) ndi (1,1) si disjoint. Composition ndiye siyivuta, TS imasunga ndithu.

Funso lachiwiri ndi limene lili ndi mnofu. Tengani ma function a continuous pa [0,1] opangidwa ndi timizere towongoka tolumikizana, ndipo Tf ikhale slope ya f pa 0, kuchokera kumanja. Ngati fg = 0, pafupi ndi 0 onse awiri ndi mizere yowongoka, choncho mmodzi ayenera kukhala ziro pa kachigawo konseko, ndipo slope yake ndi ziro. Ndiye kuti T imasunga disjointness. Koma onani f(x) = min(nx, 1): imakhala pakati pa 0 ndi 1, chonsecho slope yake ndi n, yomwe mungaikweze mmene mungafunire. T imeneyi si order bounded, ndipo |T|, supremum ya T ndi −T, palibe.

Theorem ya Meyer ya mu 1976 imatseka mpata umenewu: T yosunga disjointness ikakhala order bounded pakati pa ma lattice a Archimedean (monga R² ndi C(K)), |T| imapezeka, ndi lattice homomorphism (imasunga supremum ndi infimum), ndipo |Tx| = |T||x|. Pa C(K), T yotere imalembeka kuti Tf(y) = h(y)f(φ(y)), pamene h ndi function ya mu C(K) ndipo φ imatumiza y ku point ya mu K. Samalani apa, ambiri amaterereka: tingatsimikize kuti φ ndi continuous pa malo okhawo pamene h si ziro.

Nthawi zina simufunika kutsimikizira nokha kuti T ndi order bounded. Jarosz anasonyeza mu 1990 kuti T ya bijective yosunga disjointness kuchokera ku C(X) kupita ku C(Y), X ndi Y zili compact Hausdorff, imakhala continuous payokha, choncho ndi order bounded. Popanda bijective, musadalire zimenezo.