"Kasitomala waulele": funso lochokera ku Luchenza

Funso: Ndine mlembi wa gulu la alimi a tiyi kuno ku Luchenza. Tikufuna kuti makompyuta athu akale 5 azigwira ntchito kudzera pa seva imodzi (kompyuta yamphamvu yotumikira makompyuta ena), pogwiritsa ntchito Remmina. M'kalata yopita kwa a komiti ndalemba kuti tiika "kasitomala waulele wa open source". Kodi Chichewachi chili bwino?

Yankho: Mayi, a komiti akawerenga zimenezo aganiza kuti pali munthu wobwera kudzatenga tiyi osalipira. Mwamasulira mawu a Chingerezi akuti "client", koma kasitomala kwathu kuno ndi wogula basi. Remmina ndi pulogalamu yolumikizira: imaonetsa pa sikirini zomwe zikuchitika pa seva, n'kumatumiza komweko zomwe mwalemba pa kiyibodi. Ntchito yolemetsa imachitika pa sevapo, n'chifukwa chake kompyuta yokalamba ikhozabe kutumikira. Lembani "pulogalamu yolumikizira ku seva", ndipo chimene wantchito aliyense akuona muchitche "kompyuta ya pa seva".

Kalembedwe ndi "ulere" osati "ulele". Lamulo la kusukulu lija: pambuyo pa e ndi i timalemba r.

Koma mawu akuti ulerewo ndi amene angakuikeni m'mavuto. Open source sikunena za mtengo. Ikunena kuti malangizo omwe anapangira pulogalamuyo ali poyera, aliyense ali ndi ufulu wowaona, kuwasintha ndi kugawira ena. Ufulu ndi ulere n'zosiyana. Ine ndingasiye "open source" momwemo, n'kufotokoza kamodzi koyambirira kwa kalata.

Zoona, Remmina ndi FreeRDP (pulogalamu inzake yolumikizira) simulipira laisensi. Komatu seva ikakhala ya Windows Server, mudzagulabe chilolezo chotchedwa RDS CAL cha munthu aliyense kapena kompyuta iliyonse. Windows Pro wamba amalola munthu mmodzi yekha panthawi imodzi, wachiwiri akalowa woyamba amatulutsidwa. Seva ya Linux m'malo mwa Windows, yokhala ndi xrdp (pulogalamu yolola makompyuta ena kulumikizana nayo), ilibe malipiro amenewa, koma katswiri woikonza adzafuna yake. Musaiwalenso UPS, batire losunga magetsi, pakuti magetsi akathima pa seva, anthu onse 5 manja ali m'khosi.

Mukalemba "yaulere", tsiku lomwe mudzapemphe ndalama za zinthu izi a komiti adzati munawanamiza. Chiganizo chanu chikhale chotere: "Tiika pulogalamu yolumikizira ku seva, yosalipira laisensi; sitigula makompyuta atsopano, koma tiwononga ndalama pa seva, UPS ndi katswiri."